Komputadolo ya abambo a Nelito yagwira chimfine

Lolemba
Abambo a Nelito apita kumaliro ku Chidzolomondo, abwera Lamulungu. Mawu otsanzikira: "Komputadolo yanga osakhudza." Yatsopanotu, fodya yense wa chaka chino anathera pamenepo. Fumbi la mota lisanathe, ine ndatsegula kale. Ndimangofuna kanyimbo kuti Nelito aleke kulira, adye. Nyimbo ikuyamba, koma mawu ake ngati mavu m'chitini! Kucheuka, kadzanja ka Nelito kali pamabatani, phala lokhalokha. Mayo ine! Ndafa.

Lachiwiri
Sindikudya. Ndayesa:
nthenga ya nkhuku m'timabowo ta mawu
kuuzira ndi pakamwa
kuimenya pambali ngati wailesi
kuipepesa
Palibe. Woimba akuimbabe ngati wina wamutsina mphuno.

Lachitatu
Mlamu wanga Rosa akuti, "Chonyowa amayanika, mlamu, nanga mbatata timatani?" Ndayanika pathandala pamodzi ndi mbale. Tambala wakwerapo, wasiyapo moni wake. Madzulo ikutentha ngati chiwaya. Mawu tsopano ngati mbuzi yodwala chifuwa.

Lachinayi
Rosa wabwera ndi bomba lopopera njinga. "Tilitulutse phalalo ndi mphepo." Iye kupopa, ine kugwira. Batani limodzi lauluka! Ndathamangira, koma nkhuku yakuda yafika poyamba. Yameza. Ikundiyang'ana ngati siinachite kanthu.
Rosa wakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya nyemba pamoto.

Lachisanu
Ku Furancungo pa chapa, kaminibasi kathu. Nelito kumsana, komputadolo ndaibereka kutsogolo m'nsalu. Mayi wina: "Mapasa awa, mana?" Sindinaseke.
Wokonza matelefoni kumsika wang'amba kapepala konyezimira kapansi, wamasula, wasuzumira, wanunkhiza. "Phala mulibe muno." Watseka. Kanati kamodzi katsala patebulo, akuti n'kosafunika. Mavu akadali momwemo!

Loweruka
Mawa akubwera. Ndikuyeserera kugwada, ndikuyeserera kulira, Nelito akungoseka, mwini mlandu. Ndapha nkhuku yakuda ija kuti mtima wawo ukafewe. Batani ndalipeza m'chithokomiro! Ndatsuka, ndamata. Lakhala chopendekeka, komabe lilipo.

Lamulungu
Afika. Akudya nkhuku, akuyamikira. Ine mawondo akonzeka kale. Ndisanatsegule pakamwa:
"Amake Nelito, mawa ndikabweza komputadolo ija ku loja komwe ndinaigula ku Tete. Mawu ake ndi oipa chigulireni, ndimachita manyazi kukuuzani. Anati andisinthira ina, bola kapepala kapansi kasang'ambike."
Chigulireni!
Nelito mwana wanga, ndikhululukire, ndinakunamizira. Nkhuku nayonso yafera zosadziwa.
Kapepalako anthu akukaponda kumsika wa Furancungo. Pronto, zatha. Mavu aja ndi athu, tikalamba nawo.
Ndawaikira ntchafu inayo m'mbale. Ayambe akhuta.