Sabata Imene Majumbo Analetsedwa

Lolemba

Wailesi ya m'golosale ya a Kamanga, amene ndimasokera pakhonde pawo, yalengeza kuti khoti lagamula: majumbo opyapyala aja asapezekenso m'dziko muno. Anthu akudandaula. Ine ndikumwetulira ndekha kuseri kwa makina. Nanga tomato, usipa, mchere, azinyamulira m'manja? Kuno ku Chamama aliyense afuna chikwama, ndipo telala ndine.

Zofunika: matumba otha feteleza, ulusi wolimba, singano zikuluzikulu, kutseka pakamwa.

Pali madilesi a operekeza mkwatibwi, nsalu yake anasiya ndi mayi Gondwe a ku Simlemba. Adikire kaye. Ukwati ndi Loweruka, kukadali kutali.

Lachiwiri

Matumba sakupezeka. Chaka chino kuponi imodzi ya feteleza tinachita kugawana mabanja angapo, ndiye ngakhale thumba lopanda kanthu lili ndi eni ake. Ndatenga amene mkazi wanga Namwale anachapa n'kupinda pansi pa bedi, oti tiikemo chimanga chimene akutonola. Ndadula onse. Zikwama zikayenda malonda ndimugulira atsopano, sadziwa n'komwe.

Lachitatu

Thumba si nsalu. Ukalidula likungososoka m'mbali, ukalipinda singano ikuthyoka. Zala zikuyabwa.

A Kamanga andiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Aphiri, mlandu wa anthu a mafakitale sumatha tsiku limodzi." Nsanje basi. Iwo ali ndi mabelo a majumbo kuchipinda chakuseri, akusowa kowataya.

Mayi Gondwe atumiza uthenga kufunsa za madilesi. Ndayankha kuti kwangotsala mipendero. Nsalu sindinaidule n'komwe.

Lachinayi

Tsiku la msika. Zikwama ndazipachika pachingwe, zoyera bwino, chilichonse ndi dzina la feteleza pamimba. Anthu akugwiragwira, akufunsa mtengo. Mtima m'malo.

Masana wailesi yayankhulanso. Eni mafakitale apita kukhoti ndi maloya awo, atenga chiletso. Chiletso choletsa kuletsa! Majumbo aloledwa mpaka mlandu udzamvedwenso. Liti? Sananene.

Nkhani isanathe n'komwe, a Kamanga atulutsa mabelo awo. Wa chiwaya cha tchipisi akuvina, foloko m'manja. Amene amagwiragwira aja amwazika. Ndagulitsa chikwama chimodzi, kwa mphunzitsi wina wopuma amene samva bwino.

Lachisanu

Mphunzitsi wabweza chikwama. Akuti shuga akumveka feteleza.

Namwale wasuzumira pansi pa bedi. Sanakalipe. Wangoima pafupi ndi mulu wa chimanga pamphasa, nkhuku za anzathu zikujompha ngati zaitanidwa, n'kufunsa, "Bambo a Tiyamike, matumba anga aja nawonso ali kukhoti?"

Ndathamangira kukhonde kukadula madilesi. Makina akudumpha ulusi, matumba aja awawononga m'kati. Wokonza makina wapita ku Kasungu kukaona ngati fodya wake wagulidwa. Ndikupalasa, ndikusosola, ndikupalasanso.

Loweruka

Mayi Gondwe afika m'mawa pa njinga yamoto, atavala kale zaukwati. Zimene apeza: dilesi limodzi lotha, lina la mkono umodzi, ena onse akadali zidutswa zolembedwa ndi choko.

Sananene zambiri. "Adada, mwandichititsa manyazi pamaso pa asebere anga." Akulunga zidutswa zawo m'jumbo la a Kamanga, apita.

Madzulo wanjinga uja wabwera nayo nkhani yonse. Operekeza avina atavala yunifolomu ya kwaya, ndipo wolengeza mphatso wanditchula dzina pachimkuzamawu, anthu n'kuseka. Nyengo ino ndi imene alimi amasoketsa zovala akagulitsa fodya. Onse a mbali ya ku Simlemba tsopano azipita kwa telala wa pafupi ndi chigayo, uja sadziwa ngakhale kuika kolala.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita, kuli achibale a mayi Gondwe. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango ndi singano ya m'manja, kusosola zikwama, kulumikiza zidutswa kuti zibwerere kukhala matumba. Akutuluka aafupi, okhota, ndipo chimanga chikutayikira m'misoko.

Oweruza ali kwawo akupuma. Maloya adya. Majumbo akuuluka m'minda, akukodwa m'ziputu za fodya monga kale. Amene walangidwa pa mlandu wonsewu ndi ine, woti khomo la khoti sindikulidziwa.

A Kamanga adutsa pochokera kutchalitchi, akuti boma lichita apilo, mwina mwezi wamawa aletsanso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse bwino. Namwale, akuthira chimanga m'thumba osandiyang'ana, wandiyankhira:

"Akadzaletsanso, bambo a Tiyamikewa adzadule buluku lawo, osati matumba anga."