Zitumbuwa za Ana a Anankhoma

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo musamvere amene amati unachokera kwa anthu ofula njuchi kuthengo. Unayambira m'kachipinda ka ana a sukulu ya mkaka, tsiku Lachisanu m'mawa, phala litangodyedwa kumene.

Pamudzi wina panali mayi wofatsa, Anankhoma, amene ankalera ana pasukulu ya mkaka ya m'mudzimo. Sukuluyo inalibe nyumba yakeyake. Ana ankakumana m'chipinda cha kumbuyo kwa holo ya kalabu ya alimi, chimene komiti ya kalabuyo inangowabwereka. Chaka chimenecho chimanga chinacha bwino, ndipo akomiti anayamba kunong'onezana kuti matumba akusowa pokhala. Anagwirizana kuti wapampando wawo, a Chimbalanga, apite akaone zimene anawo amachita. Akakapeza kuti akuphunzira, chipinda chikhala cha ana. Akakapeza kuti n'kusewera chabe, ana atuluka ndipo matumba alowa.

A Chimbalanga anagwirapo ukalaliki pa esiteti ya fodya. Kumeneko anabwerako ndi jekete, cholembera cha pathumba, ndi maganizo akuti munthu wamkulu amangoona n'kudziwa. Nthawi ina anakwera basi yolakwika pa depoti, ndipo m'malo mofunsa kondakitala kumene ikulowera, anangokhala duu mpaka ku Mchinji. Atabwerako anauza anthu kuti anakaona mitengo ya mtedza.

Anankhoma ankaphunzitsa motsata mutu wa sabata. Sabata ya mvula, ana ankajambula mitambo ndi makala, kenako n'kumadumpha pabwalo ngati achule. Sabata ya ziwalo za thupi, anaviika manja m'madzi a dothi la katondo n'kudinda zikhatho pakhoma, aliyense chake. Sabata ya kubwera kwa a Chimbalanga, mutu unali zakudya za pamsika, ndipo ana anayenera kuumba zimene amaona amayi akugulitsa.

Anayamba ndi dothi la kudambo, koma likauma linkang'aluka. Kamnyamata kena, Fatsani, kanalira kwambiri chigumu chake chitasweka pakati. Anankhoma anabwerera kunyumba akuganiza. Malemu amuna awo anali mlimi wa njuchi. Atamwalira chaka chinacho, ming'oma inapita kwa abale awo, ndipo chimene chinatsala ndi mtanda wa phula m'ndowa yakale kuchipinda. Anali asanalikhudzepo. Lachitatu m'mawa analinyamula kupita nalo kusukulu, osauza munthu kumene lachokera.

Analiika m'madzi ofunda mpaka linafewa, n'kugawira mwana aliyense kachidutswa. Ana anabulunga, anaphwathika pachikhatho, anagubuduza mu gaga, n'kupaka katondo pang'ono ndi mwaye kuti zioneke zokazinga. Zinatuluka zitumbuwa zoti munthu wanjala sangazidutse. Anaziunjika m'mbale, anavundikira kansalu koyera, n'kuika patebulo la pangodya ya masanje, kuti alendo akadzafika ana adzachite sewero la msika.

Lachisanu a Chimbalanga anafika nthawi isanakwane, ana ali panja kusamba m'manja pa mpondagiya. Pambuyo pawo pankabwera akazi awo, Anajere. Awiriwa anali ndi mdzukulu pasukulupo, mtsikana wotchedwa Sungeni. Anajere ankamufunsa tsiku lililonse zimene waphunzira, koma agogo ake aamuna anali asanamufunsepo.

"Takulandirani, bambo," anatero Anankhoma, akuwerama pakhomo.

A Chimbalanga analowa manja ali kumbuyo, n'kuima patsogolo pa zikhatho zija.

"Khoma la kalabu lija ndi limeneli?"

"Inde bambo. Amenewa ndi manja a ana, pamene tinkaphunzira..."

"Ndaona kale, mayi. Ana osasamba."

Anasuntha pang'ono, natenga pepala limene Fatsani anajambulapo mbuzi. Analigwira chozondoka.

"Tebulo ili lagwa chagada. Simuwaphunzitsa kuti miyendo ya tebulo imaloza pansi?"

Anankhoma anatsegula pakamwa, koma panja mwana wina analira, mnzake atamuthira madzi m'khosi. Anapepesa n'kutuluka. Sanachedwe. Koma pobwerera anapeza kansalu koyera kali pambali, a Chimbalanga atakhala pampando pafupi ndi mbale, nsagwada zikuyenda.

Kumuuza munthu wamkulu, mlendo, wapampando, kuti chimene chili m'kamwa mwakecho si chakudya, n'kumuvula pagulu. Ndipo munthu wovulidwa sakusiyira chipinda. Choncho Anankhoma anazungulira, monga mmene amayi awo anawaphunzitsira kulankhula ndi akuluakulu.

"Bambo, zitumbuwazo..."

"Musapepese, mayi. Zauma, inde, koma ndadyapo zouma kuposa izi pa esiteti. Nthochi ndi zimene mwaumira. Uchi mwachita kuchulutsa, ndikuumva fungo."

"Ndimati sitinakonzere alendo, bambo."

"Nanga munakonzera ndani? Ana adya kale phala. Mlendo pano ndine."

Ndipo pofuna kuonetsa kuti sakunyoza dzanja la mayi, anasankha chachikulu kuposa zonse n'kuchiponya m'kamwa chonse, choyamba chija chisanatsike.

Tsono phula lili ndi khalidwe lake. Chakudya ukamatafuna chimachepa, koma phula limangosamuka, kuchoka tsaya ili kupita tsaya ilo. A Chimbalanga anatafuna kumanja, anatafuna kumanzere. Gaga anatha, kafungo ka uchi kanatha, chinthucho chili pomwepo, chikukakamira m'mano ngati chapeza kwawo. Anankhoma anaona maso awo akusintha. Anadziwa kuti bamboyo wazindikira kuti pali chimene chalakwika, ndipo anadikira funso, kafunso kamodzi kokha, kuti awayankhe monong'ona nkhani ithere pomwepo. Funsolo silinabwere.

Makolo anayamba kulowa n'kukhala pamikeka. Mayi wina anaona mwana wake wapamsana akulavula mbatata, ndipo a Chimbalanga, pofuna kuti anthu asayang'ane pakamwa pawo, analoza mwanayo.

"Chakudya sitilavula," anatero movutikira. "Kulavula n'kunyoza wophika."

Atangomaliza mawuwo anazindikira kuti adzitsekera okha khomo.

Anajere anali atakhala pamkeka pafupi ndi mpando wa amuna awo. Iwo ankadziwa zonse, pakuti Sungeni anali atawafotokozera za phula kuyambira Lachitatu. Anawayang'ana bamboyo nthawi yaitali, mwachifundo chimene mkazi amakhala nacho atakhala ndi munthu zaka zambiri.

"Bambo a Lemani, mukudya chiyani?"

"Zitumbuwa."

"Zakoma?"

"Mmm."

"Tengani china, zisatsale."

A Chimbalanga anatseka maso, anakweza khosi ngati tambala akumwa madzi, n'kumeza. Theka linatsika. Theka linatsala m'mano. Msozi umodzi unatsetsereka mpaka pa kolala ya jekete.

Pamenepo ana analowa pamzere akuimba nyimbo yawo ya msika, n'kulunjika pangodya ya masanje. Ogulitsa anakhala pansi, ogula anaima ndi madengu awo a mapepala. Koma Sungeni anasuzumira m'mbale n'kusiya kuimba.

"Aphunzitsi, chitumbuwa changa mulibe. Chachikulu chija ndinachidinda ndi chala."

"Tichipeza, Sungeni. Tiyeni tipitirize," anatero Anankhoma.

"Agogo ako adya," anatero Fatsani, amene sankadziwa kusunga mawu. "Taona gaga pa ndevu."

Sungeni anapita kukaima pakati pa mawondo a agogo ake, n'kuwayang'ana m'kamwa.

"Agogo, mwadya phula?"

Abambo anayamba kuwerenga malata a padenga. Amayi anaweramira pamikeka, mapewa akugwedezeka. Mmodzi anadzitseka pakamwa ndi chitenje n'kutuluka, akunamizira chifuwa.

Anankhoma anaima pomwepo, akuona m'maganizo matumba a chimanga ataunjikidwa mpaka kuphimba zikhatho za pakhoma, ndi ana atabwerera kukatandala pamsika. Koma pansi pa manthawo panali chinanso chikukwera, chimene anali asanachimve kuyambira tsiku la maliro. Kunali kuseka. Mwini phula uja akanakhalapo, akanaseka mpaka kukhala pansi. Anadziluma mlomo n'kuyang'ana kumbali.

Onse ankayembekeza kuti Sungeni alira. Koma mwanayo anagwira bondo la agogo ake, nkhope ikuwala.

"Ndiye chimaoneka ngati chenicheni?"

A Chimbalanga anayang'ana mdzukulu wawoyo. Anayesa kulekanitsa mano, ndipo analekana ndi kaphokoso.

"Ngati chenicheni," anatero.

"Ndinaumba ndekha. Aphunzitsi sanandigwire dzanja. Poyamba umabulunga, kenako umaphwathika, koma osati kwambiri chifukwa chimasanduka chigumu." Anatembenukira anzake. "Mwamva? Changa ndiye chanamiza agogo."

"Changanso adya," anatero Fatsani, atayang'ana m'mbale. "Anayamba changa."

"Chako anangolawa. Changa anachita kusankha."

Ana ena anayamba kunyamula zitumbuwa zawo kupita nazo kwa a Chimbalanga, aliyense akufuna kuti chakenso chidyedwe. Anankhoma anaona kuti mwana watsegula njira imene iwo anaisowa, ndipo analowamo msanga.

"Ana inu, bwezani m'mbale, agogo akhuta. Anthu ambiri abwera muno n'kunena kuti mumaumba bwino. Koma palibe amene anayamikirapo ntchito yanu kufika pamene afika agogowa. Tiwathokoze bwanji?"

Ana anaomba m'manja kuomba kwawo kwa kusukulu, kuja kothera ndi kuloza munthu ndi manja onse awiri. Makolo nawo anaomba, ndipo amene kuseka kunkawatsamwitsa anakutulutsira momwemo, kukhala ngati n'chisangalalo chabe.

Sewero la msika linachitika. Ana anaitanira malonda, ananenerera mitengo, anatchula mitundu ndi maonekedwe a zinthu, chozungulira ndi chachitali, chofiira ndi chachikasu. Fatsani anaonetsa mbuzi yake, ataigwira bwino, ndipo a Chimbalanga anagwedeza mutu ngati anaidziwa kale. Nthawi yonseyo lilime lawo linali pantchito.

Pomaliza anaimirira, anakoka jekete, n'kuyankhula mawu akutuluka ngati akudutsa m'chitseko chotsekula theka.

"Komiti inandituma kudzayesa ntchito ya anawa. Ena akanangoyesa ndi maso. Ine ndayesa ndi mano." Anaima kaye, kuti aone ngati pali wotsutsa. Panalibe. "Mwana amene angaumbe chinthu mpaka kunamiza kalaliki wa pa esiteti, ameneyo sakusewera. Chipinda chino n'cha ana. Matumba akakhala kunyumba kwanga, malo aliko."

"Malo ake ati?" anafunsa Anajere.

"Tikaona."

"Mukagona nawo ndinu."

Anthu atabalalika, Anankhoma anabweretsa kapu ya madzi ofunda ndi kamtengo kotsukira mano. Anagwada powapatsa, ndipo pothokoza sanachulutse mawu, chifukwa mawu akanawathawa.

"Zikomo, bambo. Mwatisungira ana."

A Chimbalanga anachukucha m'kamwa, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali womva. Kenako anatsitsa mawu.

"Kodi, mayi... zimenezi sizipha?"

"Sizipha, bambo. Amuna anga ankatafuna ndithu akamafula uchi. Kungoti iwo ankalavula."

Bamboyo anakumbukira malemuwo. Anavula chipewa, anachigwira pachifuwa kanthawi, n'kuchivalanso.

Anankhoma anaima pakhomo kuwaperekeza ndi maso. A Chimbalanga ankayenda patsogolo, kamtengo kali m'kamwa, akukumba. Anajere ankatsatira, Sungeni atawagwira chitenje. Pamjigo panali amayi akutunga madzi, ndipo mmodzi anafuula.

"Anajere, kodi bambo adwala dzino?"

"Dzino lili bwino," anayankha Anajere, osachepetsa liwiro. "Awa safunsa. Adya phula."

Amayi apamjigo anatula ndowa pansi. Anankhoma anabwerera m'chipinda, anatseka chitseko, anakhala pa kampando ka ana, ndipo kuseka kuja kunatuluka konse, misozi ikutsatira pambuyo. Atamaliza anapukuta maso, n'kuyamba kukonza za mutu wa sabata yotsatira, umene unali mbalame.

Madzulo a tsiku lomwelo mawu a Anajere anali atafika kumsika, ndipo kumsika anakwera njinga za kabaza kupita midzi ina. Sukulu ija inakhala m'chipindamo zaka zambiri, ndipo ana amene anadinda zikhatho pakhoma lija tsopano ali ndi ana awo. Dzina la a Chimbalanga linaiwalika m'njira, ndipo mwina n'chifundo kuti linaiwalika, pakuti anali munthu wabwino pamapeto pake. Koma mpaka lero mukaona munthu akuvundukula chimene sanapatsidwe, kapena akulowera njira imene sakuidziwa pakamwa atatseka, akuluakulu amangopukusa mutu n'kunena kuti: safunsa anadya phula.