Botolo la Insulini m'Filiji ya a Zuze

Lolemba

Kwa nthawi yoyamba ndaperekeza mkazi wanga, Anabanda, ku chipatala cha pa boma kukatenga insulini, jakisoni wa matenda awo a shuga. Botolo latsopano ndi limodzi, la mwezi wamphumphu. Malamulo a anamwino ndi atatu: lisatenthedwe, lisaundane, lisakhutchumulidwe. Ati: "Mankhwalawa ali ngati dzira, agogo, likapsa silibwereranso. Pitirizani kusungira mumtsuko uja wa mchenga wonyowa." Mtsuko! M'dzuwa la Okutobala lino? Ine, mkulu wa mpingo, sindidzaikiza moyo wa mkazi wanga m'dothi.

Lachiwiri

Anabanda akaniza botolo lakale, lotsala pang'ono; likhala mumtsuko mwawo. Latsopanolo ndinka nalo ku msika wa Thambani kukalifunira filiji. Ndipo taonani, mwini filiji wondilola ndi mmodzi yekha: a Zuze, a bala ya mowa! Ndilowa nkhope ili pansi. Ndiliimika pakati pa mabotolo a chitayiko, monga kamwana ka mbuzi pakati pa afisi.

Lachitatu

Woweta wokhulupirika sagona pa ziweto zake. Ndiliyendera kawiri. Lazizira bwino, lili mumtendere. Potuluka ndikomana ndi amayi atatu a kwaya. Moni wawo ndi wautali modabwitsa.

Lachinayi

Zonenedwa za ine kufikira lero:
ndimwera m'kapu ya tiyi;
ndinayamba kalekale;
njinga yanga idziwa yokha njira ya ku bala.
Malilime a mphiri! Chidakwa china chindigwira dzanja ndi misozi m'maso: "Akulu, takulandirani. Tinakudikirani zaka zambiri."

Lachisanu

Akulu anzanga andiitana kuseri kwa tchalitchi. Ndiwamasulira za dzira, za kutentha ndi za kuundana. Mlembi apukusa mutu: "Onse amati ndi mankhwala, bambo." Lamulungu sindidzalalikira.

Loweruka

Kalanga ine! Kuti mowa upeze malo, a Zuze alichotsa botolo, naliika pansi penipeni pa filijiyo, pa ayezi, pamodzi ndi nyama ya nkhuku. Lauma gwa! "Ndakusungirani pozizira zedi, madala, musavutike n'kuthokoza." Ndilifumbata kufikira lisungunuka, koma m'kati mwake muyandama timibulu. Anamwino a pa Thambani aliyang'ana kamodzi kokha: "Lafa ili. Akabaya limeneli shuga satsika." Lina alibe.

Lamulungu

Ndikhala pa benchi ya kumbuyo. Wolalikira m'malo mwanga anena za kuledzera, maso ake osachoka pa ine. Kunyumba, botolo la mumtsuko lili langwiro, koma latsala la masiku awiri okha. Mawa m'mamawa ndipalasa ku boma kukapempha lina, pamaso pa anamwino omwe aja. Anabanda sanditonza konse, ndipo chimenecho chipweteka koposa. Angondipatsa ndowa: "Mchenga wauma, abambo. Kathireni madzi, koma nzeru musathiremo."

Ndithira madzi okha.