Amalume Hosea ndi Mipando ya Anthu Achifuwa

Amalume anga Hosea sankafunsa dzina munthu akafika pabwalo la ndege. Ankangoti, "Tatsokomolani timve."

Ntchito imene anawalembera inali yothamangitsa ng'ombe pabwalopo ndi kuyeza anthu pasikelo, poti kandege kathu kopita kuchilumba cha Santo n'kakang'ono, kamabwera kamodzi pamlungu. Koma iwo anadziwonjezera udokotala. Wopanda chifuwa kutsogolo, pawindo. Wachimfine kumbuyo, pamodzi ndi nkhuku ndi madengu a zilazi.

"Ndegeyi ndi botolo," ankatero. "Mmodzi akayetsemula, nonse mwamwa."

Abusa Selwyn anayesapo kubisa chifuwa, kudzigwira mpaka maso psuu. Amalume anangovula chipewa.

"Abusa, tatipemphererani ulendowu."

Sanafike n'komwe pa "mutipatse lero", chifuwa chinaphulika.

"Ameni, abusa. Kumbuyo."

Koma ine chimene ndimawakumbukira nacho ndi cha mwana wanga Rosina. Anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono ngati mleme, kupuma kwake kochita kutchera khutu. Anamwino anati ndithamange naye kuchipatala chachikulu ku Santo, ndipo asayandikire wachimfine aliyense, chikangomugwira ndiye kwatha. Tikukwera choncho, tinapeza a Lonsdale agolosale atadzikhazika kale kutsogolo, akutsokomola ngati injini ya boti.

"Achimwene, sunthirani kumbuyo, pali khanda," anatero amalume.

"Hosea, iwe ntchito yako ndi ng'ombe. Ndine ng'ombe ine?"

"Ayi. Ng'ombe zimamva."

A Lonsdale anamanga lamba n'kuyang'ana kumbali. Woyendetsa ndege akuloza wotchi, ine misozi mbwembwe. Kutsala sindikanatha, ndege ina mpaka mlungu wamawa.

Amalume anaponya maso pansi pa mtengo wamango pamene mayi Dorcas ankagulitsa mtedza. Mayiwa ndi apongozi awo a Lonsdale, ndipo kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi, ngakhale dzina lawo salitchula.

"Mayi, nyamukani, mukupita ku Santo."

"Ndikatani ku Santo, wamisala iwe? Sindinavale ndi nsapato zomwe."

"M'mwamba mulibe minga."

Anawanong'oneza za mwanayo, mayi aja anayang'ana kansalu kamene ndinakulungamo khandalo kamodzi kokha, basi n'kukwera ndi lichero lawo lomwe. Amalume anawakhazika pampando woyandikana ndi a Lonsdale. Abale, munthu wamimba yake ija sindinamuonepo akuthamanga choncho. Anatsika, kuzungulira ndege, kukalowera khomo lakumbuyo. Ulendo wonse anakhala ndi nkhuku, akutsokomolera m'chipewa mwaulemu kuti apongozi asamve.

Mayi Dorcas anabwerako patatha mlungu atavala nsapato zowagulira mkamwini. Za tikiti yawo amalume sanakambepo, tinangoona kuti khola la nkhumba la amalumewo lili pululu.

Amalume tawaika m'manda mwezi wathawu. Pabwalo pano pali bambo wina waulemu ndithu, amakupatsa nambala ya mpando osakuyang'ana n'komwe. Ndege ikatera kulibe wokalipa, kulibe woseka, anthu amangokwera ngati akulowa m'chipatala.

Pamaliro amene anatsogolera nyimbo ndi Rosina, pano ndi mtsikana wamkulu. Asodzi amene anali panyanja tsikulo akuti mawu ake anawamva ali m'mabwato. Ine kuimba ndinalephera, ndinkangomvetsera mmene mwanayo amakokera mpweya.