Kapu ya Bwana

Mkazi wanga anandiletsa kuuza anthu nkhani iyi, koma poti komboni yathu yonse ya Nangongwe ikuidziwa kale, ndibisiranji?

Ndimawotcherera zitsulo pa fakitale ina kuno ku Kafue. Chaka chatha tinalandira bwana watsopano, mzungu wochokera kunja, wapakamwa poola. Tsiku lina makina atafa anatiloza tonse, n'kunena kuti anyani a m'phiri angagwire ntchito bwino kutiposa. Anaseka yekha. Ife tinangoyang'ana nsapato zathu.

Pa nkhomaliro anzanga anandizungulira.

"Ba Phiri, imwe ndimwe ba elda ku chechi, mumaziba kukamba," anatero Mutinta, mayi woyendetsa kireni yonyamulira zitsulo. "Muyende mukamuuze kuti ise sindise banyani."

Ndinavomera msangamsanga (kukonda kutamandidwa kudzandipha ine). Mlungu wonse ndinkalemba mawu papepala, aulemu koma olasa. Ndinkayeseza m'minibasi, ndinkayeseza posamba. Mkazi wanga atawamva anaomba m'manja, akuti ngakhale abusa sangafikepo.

Lolemba ndinalunjika ku ofesi, anzanga akusuzumira pawindo. Ndinayamba kulakwa pakhomo pomwe: ndinati "odi". Kenako ndinavula chipewa. Bwanayo, osadzutsa n'komwe mutu pa foni yake, anangonditambasulira kapu yomwe anamwera tiyi, poganiza kuti ndine wotsuka mbale.

Abale, mayi anga anandilera ndi mkwapulo kuti wamkulu akakupatsa chinthu uzilandira ndi manja awiri. Mawu onse anali m'mutu, koma manja ananditsogolera. Ndinalandira, maondo n'kupindika pang'ono, pakamwa n'kutuluka "zikomo bwana".

Ndinatuluka nayo. Ndinakaitsuka. (Ndinaipukutanso, Mulungu andikhululukire.)

"Manje mwamuuza chani?" anafunsa Mutinta atandipeza pampopi.

"Nikali kumukonzekela."

"Na sopo?"

Palibe amene anaseka, ndipo zimenezo n'zomwe zinandipweteka koposa. Bola akanandinyoza. Mutinta anangotembenuka n'kukakwera kireni yake.

Mpaka lero bwanayo amatitchulabe anyani, ndipo anzanga sananditumenso kanthu. Ndimachita manyazi ngakhale poimirira kuguwa Lamlungu. Pepala lija linachapidwa limodzi ndi ovolosi, linasanduka phala m'thumba, koma mawu ake ndimawakumbukirabe onse. Ndimawanong'oneza m'mawa uliwonse ndili pampopi, chifukwa ikangokwana teni koloko bwana amatulutsa dzanja pawindo, kapu ili m'manja, n'kukuwa, "Phiri!"

Dzina langa anafunsa yekha. Akuti ndimatsuka bwino.