Tsiku Limene Hoke Inandivula Kabudula

Nkhaniyi ndiulule ndekha, chifukwa anzanga akamaikamba amawonjezera zawo.

Titangobwerera ku Fíngoè kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, shikola yathu, komwe tinkaphunzira, inalibe denga. Mabwana ena achifundo anaona vutoli n'kutitumizira ndodo za hoke. (Hoke ndi masewera othamangitsa kampira ndi ndodo yopindika kumapeto. Musadandaule, nafenso tinachita kufunsa.)

Ine ndinali mnyamata wonenepa bwino, poti kumsasa wa othawa nkhondo amalume ndiwo ankagawa mafuta ophikira. A Tembo, aphunzitsi athu amene hokeyo anangoiwerenga m'buku, anandiika kutsogolo kuti adani aziopa.

Loweruka lililonse ankatipachika pasikelo ya chimanga n'kutiyeza mikono ndi chiuno ndi chingwe. Mpikisano wa mashikola unali wowawa: kuyenda wapansi, kusewera, kubwerera ndi njala. Sabata yachisanu anandiitana.

"Iwe, mikono yakula, koma chiuno chatha. Kabudulayo um'mange."

"Yakula bwanji, aphunzitsi?" ndinafunsa ndikufinya mkono. Za chiunozo sindinazimve.

Masewera omaliza tinakumana ndi a ku Malowera, amene anabwera pa kamiyau, chigalimoto chonyamula thonje. Mkulu wa boma anakhala pampando (unalipo umodzi wokha), ndipo pambali pake panaima Luziya, mtsikana amene ndinali nditamulembera makalata atatu osayankhidwa.

Kampira kanabwera kwa ine. Ndinam'ponyera diso Luziya, ndinakoka mpweya, mimba n'kulowa m'kati, ndinamenya ndi mphamvu zanga zatsopano zonse. Kampira uko, kabudula pansi!

Tsono wam'kati amayi anandisokera ndi thumba la ufa wa chithandizo, malemba ake ali kumbuyo. Mkulu wa boma anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kenaka n'kumasulira kuti agogo nawonso amve: "Akuti mphatso, osagulitsa."

Anthu anagwa nacho chiseko. Ndinati ndithawe, kabudula anandikola m'miyendo, ine chafufumimba, fumbi m'kamwa. A Tembo anafika akuthamanga, ndinaganiza kuti adzanditonthoza.

"Mwaona?" anauza mkuluyo monyadira. "Zala zinayi zachoka m'chiuno. Miyeso yanga sinama!"

Luziya anayankha madzulo omwewo, pakamwa: "Poti ndiwe wosagulitsa, ine ndisavutike."

Ndinaphunzirapo kanthu? Pang'ono. Mpaka lero munthu akandiuza mawu awiri, ndimamvabe okoma okhawo. Kungoti lamba sachoka m'chiuno mwanga, ngakhale popita kukasamba.