Turbo Yanga ndi Mlandu wa Mkamwini

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo wochita manyaziyo ndine. Koma poti kumishoni anatiphunzitsa kuti mboni isabise kanthu, ndiifotokoza mwadongosolo. Okhudzidwa ndi awa: ine Bambo Yesaya Banda, mphunzitsi wamkulu wopuma wa kwa Mavwere, mlongo wanga Mayi Nabanda, mkamwini wathu Bambo Limbani Sakala, amene anakwatira Tamandani, mwana wa mlongo wangayo, Bambo Phiri a kwa Mkanda, amalume ake a mkamwiniyo, ndi Bambo Tembo, makaniko wokonza mathiraki kuboda.

Mwana wanga wa ku Joni ananditumizira pikiapu ya dizilo yokhala ndi turbo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini kuti izikoka mwamphamvu. Buku lake ndinaliwerenga lonse, ndikudula mizere ndi pensulo yofiira. Mmenemo ndinapezamo lamulo lakuti ukafika paulendo wautali usazimitse injini nthawi yomweyo, udikire mphindi ziwiri kuti turbo izizire.

Tsiku lina Limbani anabwereka galimotoyo kukatenga malata paboma. Pamene ankabwerako ine ndinali pakhonde. Anangoima, n'kupotokola kiyi, injini zii! Ndinangolemba tsikulo m'kope.

Patatha masabata atatu, ndikupita ku mgonero, ndinaponda moto pachitunda, ndiye ndinamva khoro-khoro-khoro! Ndikachotsa phazi, bata. Ndikapondanso, khoro-khoro!

M'mawa mwake ndinayamba investigation. Ndinatsegula boneti, ndinakhazika mlongo wanga pampando wa dalaivala, ine n'kutenga sikurudiraiva, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu.

"Pondani, achemwali!"

"Ndiponde chiti, achimwene? Zilipo zitatu!"

"Chakumanja! Pang'onopang'ono, simukusinja mphale!"

Phokoso linkachokera mbali ya turbo. Injini ikamangolira yokha kunalibe kanthu, likamabwera ndi pamene turbo yayamba kukoka. Ndinatseka boneti, mlandu nditaupeza: turbo yaphwanyika mkati, ndipo woiphwanya ndi uja sanadikire mphindi ziwiri.

Tsono nthawi imeneyo n'kuti Limbani atakhala pachikamwini zaka zinayi, ndipo anali atapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake akakhale naye kwawo kwa Mkanda. Malata aja anali a nyumba yawo yatsopano. Monga mwini mbumba, mawu omaliza anali anga. Ndinatumiza uthenga kwa a Phiri kuti za chitengwa ziyambe zaima. Munthu wolephera kudikira mphindi ziwiri angasamale mwana wa eni ake moyo wonse?

Tamandani anabwera akulira. Ndinamuuza kuti discipline imawawa ngati kwinini, koma imachiza.

Loweruka tinakumana pabwalo la nyumba yanga. A Phiri anachita kupalasa njinga kuchokera kwa Mkanda. A Tembo ndinawaitanitsa kuti adzangotsimikiza zimene ndinapeza kale. Ndinavala jekete, ndinaimirira ndi kope m'manja.

"Point number one: pa tsiku lakuti, Bambo Sakala anazimitsa injini ikadali yotentha. Mukukana?"

Limbani anali atakhala pansi, chipewa pabondo. "Ndinazimitsadi, bambo. Lamulolo sindinkalidziwa."

"Point number two..."

"Aphunzitsi," anandidula a Tembo, akupukuta manja ndi sanza, "manje tisanafike pa namba teni, ndingamuone wodwalayo?"

"Order! Mboni imalankhula ikafunsidwa!"

"Asiyeni aone, achimwene," anatero Nabanda. "Dzuwa likupita."

Ndinawalola. A Tembo analiza injini, anaponda kawiri, anamvetsera.

"Imatulutsa utsi wabuluu?"

"Ayi."

"Oyilo akumatha?"

"Ndimayeza m'mawa uliwonse. Sanatsikepo."

"Nanga pachitunda ikumafooka?"

"Imakwera ngati mbuzi."

"Hmm," anatero a Tembo, ndipo hmm ameneyo sindinamukonde.

Anazimitsa. Anagogoda kachidutswa ka lata kotchinga kutentha, kanali kolimba. Anagwedeza kachitsulo ka pambali pa turbo, sikanasunthe. Kenako anamasula paipi, n'kulowetsa chala kukhudza timapiko ta mkati.

"Aphunzitsi, turbo iyi ndi yolimba kuposa mano anga."

"Onaninso bwino! Phokoso likuchokera pamenepo, ndinalimva ndi khutu langali!"

"Khutu lanu silinaname. Koma turbo ili ndi aneba."

Pafupi pomwepo pali bokosi lakuda lokhalamo fyuluta ya mpweya. Ine ndinali ndisanalitsegulepo, chifukwa buku limati litsegulidwe nthawi ya service yokha. A Tembo anamasula timahuku take, anazula fyuluta, analowetsa dzanja. Potulutsa, chikhatho chinali chodzaza ndi mtedza!

Anatapanso kachiwiri. Kachitatu. Tamandani anathamangira lichero. Munatuluka mtedza wosenda ndi wosasenda, makoko, ulusi wa thumba, ndi zinthu zina zakuda zazing'ono zimene mkulu wa mpingo sangazitchule.

"Makoswe awa," anatero a Tembo. "Anatsegula golosale. Mukaponda moto turbo imakoka mpweya mwamphamvu, ndiye mtedza umavina m'bokosimu. Muthokoze fyuluta, ndiyo yatchinga kuti usalowe mkati. Galimotoyi imagona kuti?"

"M'chigafa chakale cha fodya. Ndinachimangira makoma ndi chitseko."

"Muli chiyani china?"

Ndinakhosomola. "Matumba a mtedza wambewu."

"Kiyi wa chigafacho amasunga ndani?" anafunsa a Phiri mofatsa kwambiri.

"Ine ndekha."

"Nanga galimotoyo imatuluka kangati?"

"Kamodzi kapena kawiri pamwezi. Kuti isathe msanga."

Ndinayesa kutseka chibowo. Ndinati mwina Limbani ananyamula mtedza tsiku la malata lija. Nabanda anatola njere imodzi, anaiyang'ana, n'kuiluma.

"Uwu ndi wanu, achimwene, wofiira uja mumatimana. Mwezi wathawu munatisonkhanitsa pano kuti thumba likuphwa, ndiye pabanja pano pali wakuba. Munatiwerengera Malamulo Khumi onse, ife tili chogwada!"

A Tembo anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. A Phiri anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Tamandani kuseka kunamugwetsa pansi.

Apa ndinenepo chimene ndimanyadira mpaka lero. Limbani sanaseke. Anadzuka, anatenga tsache, anasesa m'bokosi muja bwinobwino, n'kuthandiza a Tembo kubwezera paipi. Atamaliza anandipatsa kiyi ndi manja awiri.

"Yesani, bambo."

Ndinaponda moto mpaka nkhuku zinabalalika. Turbo inaimba kamluzu kake kosalala, popanda khoro ngakhale mmodzi.

Ndinatseka kope, ndinavula jekete, ndinachoka pampando n'kukakhala pamphasa. Amene waimika mlandu wabodza sayenera kudziweruza yekha, choncho ndinapempha a Phiri ndi Nabanda kuti agamule. Ananong'onezana pang'ono, a Phiri n'kuimirira.

"Choyamba, mkamwini alibe mlandu, ndipo aphunzitsi amupepese pamaso pa onse amene anamva akumuneneza. Chachiwiri, chitengwa chaperekedwa lero. Chachitatu, katundu wa ana awa apita kwa Mkanda pa galimoto yomweyi, woyendetsa akhala aphunzitsi eni ake. Chachinayi, mtedza utuluke m'chigafa."

Ndinapepesa mokweza, ndikutchula dzina lake lonse. Kenako ndinapempha chinthu chimodzi chokha: kuti zilembedwe m'kope kuti mbali imene phokoso linkachokera ndinailoza molondola.

"Lembani, aphunzitsi," anatero a Phiri. "Mulembenso kuti oimbidwa mlandu enieni sanafike pabwalo, ali m'chigafa mwanu akudya nkhomaliro!"

Ndinalemba zonse ziwiri. Chigamulocho Limbani anachilandira ndi kuwomba m'manja, Tamandani ndi mayi ake ndi nthungululu, a Tembo ndi lichero la mtedza limene anati akadyetsa nkhumba. Ine ndinachilandira pomaliza, nditaimirira njo ngati pa assembly, ndipo pansi pa tsambalo ndinaonjezera mzere umodzi ndi pensulo yofiira: usanaitanitse bwalo, yamba waitana makaniko.